Wobwereka Nyumba

Ku Mérida ntchito yanga ndi timapepala.
Kabati yachisanu, dilowa yachitatu kuchokera pansi,
mmene mankhwala oingitsa njenjete
amalondera mitembo ya abale ake a njenjete.
Ndimabaya phini pamsana, ndimatambasula mapiko,
pansi pake n'kulemba mopendeketsa:
Ascalapha odorata.
Banja: Erebidae.

Kale tinkalemba Noctuidae.
M'mawa wina Dokotala Argáez analowa, khofi ali m'manja,
nati, "Amusamutsa banja, fufutani."
Ndinafufuta timapepala makumi anayi mpaka dzuwa kupendeka.
Mwiniwake anali phee pa phini,
osadziwa kuti wasiyana ndi abale.

Mvula itayamba anandiitana kwathu ku Sotuta.
Bambo anali m'machila awo, nthiti zikuwerengeka,
chifuwa chikulira ngati chitseko chadzimbiri.
Usiku wachiwiri, nyali ili pathebulo,
analowa iye,
wamkulu ngati chikhatho changa chotambasula,
wabulauni ngati fodya wouma,
mzere woyera utadutsa mapiko onse:
wamkazi.
Anazungulira denga n'kutera pamtanda,
pamwamba penipeni pa mutu wa bambo.

Azakhali a Eustolia anavula nsapato.
"Mariposa de la muerte! Gulugufe wa imfa!
Akalowa muli wodwala, konzani makandulo!"
Wilberth, mlongo wanga, anathamangira tsache.

Ine, mwana wa sukulu, ndinayamba kulakatula.
Ndinati: azakhali, ku Jamaica amati ndi mleme wa mizukwa,
komatu si mleme.
Ku Bahamas akakutera amati ndalama zili m'njira.
Ku Hawaii ndi malemu wobwera kudzatsanzika.
Onani kachizindikiro ka paphiko, kokhala ngati nambala naini.
Amakonda nthochi zowola, basi,
wanunkhiza za m'dengu zija.
Ndinatchula gulu, ndinatchula banja,
mawu akunjenjemera ngati a mwana wonama,
poti ndinkadziwa, ndipo sindinanene,
kuti Erebidae achokera ku liwu lakale lotanthauza mdima,
kuti naye wolemba Chilatini uja
pofuna dzina anakalitola kumanda.

Bambo anatukula chala chimodzi.
Sanayankhule Chisipanishi.
Anati, "X-mahan-nah,"
m'Chimaya chimene ndinachisiya pageti la sukulu
ngati nsapato zothina.
"Wobwereka nyumba.
Sanapemphe mchere, sanapemphe chimanga.
Wabwereka denga usiku umodzi, mvula ikumuvuta.
Wilberth, bweza tsachelo.
Nanenso ino ndinangobwereka."

Azakhali anavala nsapato yawo akung'ung'udza.
Sitinagone.
Anthu atatu maso ali pamtanda,
bambo okha akuliza mkonono.
Tambala asanalire kachiwiri mlendo anali atapita,
nyumba ataibweza yonse, ndi wodwala wake yemwe.

Bambo anadzuka.
Anadyanso dzungu la m'munda mwawo, anakangana ndi wogula uchi,
anandinena kuti ndanenepa.
Anapita m'mwezi wa Malichi, fumbi lili kobo,
masana, chitseko chili pululu,
popanda chouluka chilichonse chobwera kudzatiuza.
Azakhali mpaka lero amati anali yemwe uja,
anangochedwa kutenga.

Ndabwerera ku kabati yachisanu.
Kapepala kathu n'kochepa ngati chikhadabo cha chala chachikulu:
dzina, malo, tsiku, wogwira.
Palibe mzere wa mvula,
palibe mzere wa nsapato ya azakhali.
Dzulo ophunzira anabweretsa wina m'botolo,
phiko lakumanzere litang'ambika.
Ndinalemba Chilatini monga mwa malamulo.
Kenako ndinatembenuza kapepalako,
kumbuyo kumene Dokotala sayang'ana,
ndi pensulo, tizilembo ta nyerere,
ndinalemba dzina limene bambo anatchula.
Sindikudziwa ngati ndalilemba bwino.
Ndinalimva kamodzi kokha,
ndipo wondikonza kulibe.